Minda ikusanduka mapuloti: mafunso ndi mayankho pa kukula kwa Kamwendo

Woyenda pa msewu wa Lilongwe ndi Mchinji amadzionera yekha kuti nyumba za malata zikuchulukira m'mbali mwa tala, ndipo mashopu akumera pomwe kale panali mizere ya mtedza. Ena akuti ichi ndicho chitukuko chomwe takhala tikulira. Ena akuti mudzi ukutha tikuyang'ana. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera nkhani ya Kamwendo ikayambika, kaya m'minibasi, pa chigayo kapena pa bwalo la amfumu.

Kodi n'chifukwa chiyani pa Kamwendo pakukula chonchi, chikhalirecho si pa boma?

Chagona pa mphambano. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umadutsa pa Kamwendo patatsala makilomita pafupifupi 20 kuti ufike pa boma la Mchinji, ndipo pomwepo ndi pamene pamapatukira msewu wa M18 wopita ku Kapiri ndi Santhe mpaka kukalowa mu M1 kufupi ndi Kasungu. Galimoto yochokera ku Chipata yopita ku Kasungu, ku Mzuzu kapena ku Tanzania siyifunika kuzungulira ku Lilongwe, imangokhotera pa Kamwendo. Paliponse pomwe galimoto zimaima pamabwera wachiwaya, wakabaza, wowotcherera zitsulo, wa Airtel Money ndi Mpamba, kenako womanga malo ogona alendo. Kuseri kwa msewuwo kuli dera lolima kwambiri: mtedza, soya, chimanga, fodya, mpendadzuwa ndi mbatatesi. Nyengo yokolola ikafika mavenda amapachika masikelo, ndalama zimayenda, ndipo mlimi amene wagulitsa matumba ake a soya safuna kukwera galimoto ya ku Lilongwe kuti akagule malata ndi simenti. Onjezeranipo kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 456,000 m'boma la Mchinji, wa 2018 adapeza 602,305. Anthu oposa 140,000 owonjezeka m'zaka 10 zokha ayenera kugona penapake ndi kugula penapake, ndipo ambiri amakonda pafupi ndi tala ndi magetsi.

Nanga boda ya Zambia ikukhudza bwanji nkhaniyi?

Boda ya Mwami ili makilomita ongopitirira pang'ono 30 kuchokera pa Kamwendo. Mu Disembala 2022, Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, ndi mnzake wa ku Zambia Hakainde Hichilema adatsegulira ofesi imodzi ya pa bodayi, momwe ogwira ntchito a maiko awiriwa amayendera limodzi katundu ndi ziphaso kuti galimoto zisamachedwe. Njanji yochokera ku Mchinji idafika ku Chipata mu 2010, ndipo Chipata idakwezedwa kukhala mzinda mu 2017. Anthu a mbali ziwirizi ndi apachibale kale: Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu amapita ku Ncwala kwa Mpezeni, Achewa amapita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Choncho katundu ndi ndalama zimawoloka tsiku ndi tsiku. Koma malonda a pa boda amatembenuka ndi mphamvu ya ndalama. Kwacha yathu itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa ku Zambia adakwera mtengo kwa Mmalawi, ndipo mbewu zathu zidatsika mtengo kwa wogula wa ku Zambia. Chaka china mphepo ikhoza kuombera kwina. Womanga mdadada wa mashopu podalira malonda a chaka chimodzi azikumbukira kuti mashopu amatha kukhala otseka, pomwe munda umene wathiridwa simenti subwereranso kukhala munda.

Ndiye cholakwika n'chiyani ngati mashopu akuchuluka? Kodi tizikana chitukuko?

Palibe wokana. Amene amanyoza mashopu a pa Kamwendo nthawi zambiri ndi anthu okhala mu mzinda, oti akafuna shuga amangotuluka pa geti. Mayi wa kumudzi amene amapeza mchere, sopo, mafuta ophikira ndi mankhwala a mwana pa mtunda woyenda pansi wapulumutsa ndalama ya thiransipoti ndi tsiku lathunthu la ntchito. Mlimi wopeza mbewu ndi feteleza pafupi amadzala ndi mvula yoyamba. Mnyamata amene akadapita ku Johannesburg kapena ku Lilongwe kukasaka ganyu amatha kutsegula kashopu kometa, kokonza mafoni kapena kogulitsa zipangizo za njinga yamoto ali kwawo, ndipo maliro akagwa pa mudzi amapezekapo. Zonsezi ndi zabwino, ndipo wolankhula zosunga mudzi amene sazivomereza sakunena chilungamo. Nkhani yathu ili pa malo omwe mashopuwo akumangidwa, malo omwe akudya, ndi amene adzalipire pambuyo pake. Anthu ena amati walira mvula walira matope, kutanthauza kuti tingolandira zonse. Mwambiwo ndi woona, koma sudaletse munthu kukumba ngalande.

Kodi kukula konse si kofanana? Kukula koipa ndiye kuti?

Si kofanana. Malo a malonda akhoza kukula mothithikana: msika pakati, mashopu mozungulira, nyumba kuseri kwake, misewu ing'onoing'ono yolowa m'kati, ndipo minda kuyambira pomwe nyumba zathera. Akhozanso kukula motsata tala, aliyense kufuna khomo lake liyang'ane msewu waukulu. Kukula kwachiwiriku kumabala tauni yonga nsungwi, yayitali, yopyapyala, m'kati mopanda kanthu. Wofuna kuona mapeto ake ayende kuchokera pa Gateway Mall ku Lilongwe, yomwe idatsegulidwa mu 2014, kudzera ku Njewa ndi ku Chitedze kulowera ku Mpingu. Minda ya midzi yakale idadulidwa mapuloti, mipanda ya njerwa ikutsatana, ndipo m'malo ambiri nyumba zidatsogola, misewu yolowa m'kati, ngalande ndi mapaipi a madzi n'kumabwera m'mbuyo movutikira.

Tauni yotalika chonchi ndi yodula kwa aliyense. Paipi ya madzi ndi mawaya a ESCOM ziyenera kuyenda mtunda wautali kuti zifikire nyumba zochepa, ndipo mtengo wake umagwera ogula. Zinyalala sizitoleka. Ana a sukulu amayenda m'mphepete mwa msewu wa galimoto zikuluzikulu chifukwa kulibe njira ina. Ndipo phindu lomwe tidayamba nalo, loti zinthu zili pafupi, limachepa: chigayo chili kumapeto kuno, sitolo ya feteleza ili kumapeto uko, chipatala kwina, moti woyenda pansi amalipira kabaza kawiri kapena katatu kuti amalize zomwe akadachita pa malo amodzi. Mashopu omwazikana amakomera wagalimoto, ndipo ogula ambiri a pa Kamwendo amabwera pansi kapena pa njinga.

Koma Mchinji ili ndi malo ambiri. Maekala ochepa a m'mbali mwa msewu angasinthe chiyani?

Chikhulupiriro chimenechi ndi chofala, ndipo chimachokera pa zomwe maso amaona uli m'galimoto. Malo ambiri ooneka opanda nyumba ali ndi eni ake. Gawo lalikulu lidalowa m'maesiteti a fodya omwe adapatsidwa lizi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, gawo lina ndi nkhalango yotetezedwa ya m'mapiri a Mchinji, ndipo otsalawo agawidwa kwa ana ndi adzukulu mpaka minda kuchepa. Banja lomwe lagulitsa munda wa pafupi silipeza wina waulere. Limabwereka munda wa lendi chaka ndi chaka, kapena kukalowa utenanti, kapena kukwera m'phiri kukadula mitengo. Komanso malo a pafupi ndi msika ndiwo amtengo wapatali kwa mlimi, chifukwa tomato ndi masamba a ku dimba amafika pa msika asanafote. Madambo ndiwo ofunika kuwalirira kwambiri. Mtsinje wa Bua umayambira m'boma lomweli la Mchinji, ndipo madambo ndiwo amasunga madzi odyetsa mitsinje, zitsime ndi madimba m'chilimwe. Dambo likaumbidwa njerwa ndi kumangidwa nyumba, zitsime za oyandikana nalo zimaphwa msanga, ndipo mvula ikagwa yambiri madzi amalowa m'nyumba za omwe adamangawo.

Munthu akagulitsa munda amapeza ndalama zoposa zomwe angapeze polima zaka zingapo. Walakwa pati?

Sitingamuweruze tisanamve chomwe chamukankha. Ambiri amagulitsa chifukwa cha matenda, fizi ya mwana, ngongole ya katapila kapena njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo feteleza atakwera mtengo ulimi wa chimanga udasiya kupindulitsa mabanja ambiri. Pali ena amene agulitsa kachigawo, ndalamazo n'kugulira chigayo kapena kumanga nyumba za lendi, ndipo zikuwayendera. Koma pali zinthu ziwiri zomwe wogulitsa sauzidwa. Choyamba ndi chakuti phindu lalikulu limapita kwa wogula woyamba. Iye amagula munda wonse pa mtengo wa munda, n'kuudula mapuloti, n'kugulitsa lililonse pa mtengo wa m'tauni. Tiyerekeze ndi ekala imodzi, yomwe ndi masikweyamita pafupifupi 4,050. Mapuloti a mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali amakwana 9 ndendende, popanda kusiya ngakhale kanjira. Wofuna phindu lokha amadula onse 9, ndipo ogula a kumbuyo amadzazindikira mochedwa kuti galimoto ya mchenga, ambulansi kapena bokosi la maliro zilibe polowera.

Chachiwiri ndi chakuti munda wa makolo si wa munthu mmodzi. Kwa Achewa malo amayenda m'mbumba, kudzera kwa amayi, ndipo malume ndi woyang'anira chabe. Kwa Angoni amatsata kuchimuna. Konseku alipo ana, alongo, amasiye ndi adzukulu omwe ali ndi gawo ngakhale sadaitanidwe pa tsiku logulitsa. Mlongo amene adapita ku chitengwa ukwati ukatha amabwerera kwawo, n'kupeza pa munda wa amayi ake pali mpanda wa mlendo. Milandu ya mtunduwu imadya nthawi ya mabwalo a mafumu, ndipo imadanitsa abale mpaka kusalankhulana pa maliro.

Kodi amfumu ali ndi mphamvu yogulitsa malo? Nanga kalata yawo ndi umboni wokwanira?

Mfumu ndi msungi wa malo a anthu ake, si mwini wake. Malamulo a za malo omwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2016, n'kuwakonzanso mu 2022, adaika ntchito yoyendetsa malo a makolo m'manja mwa komiti ya pa gulupu. Wapampando wake ndi gulupu mwiniwake, ndipo mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu, osachepera 3 mwa iwo akhale amayi. Malamulowo amalola banja kapena munthu kulembetsa malo ake a makolo n'kulandira chiphaso, ndipo adakhazikitsa mabwalo oweruza mikangano ya malo, kuyambira kwa mfumu yaikulu kukwera m'mwamba. Kalata yolembedwa pa pepala la m'kope, yodindidwa ndi nyakwawa pamaso pa mboni ziwiri, imasonyeza kuti ndalama zidaperekedwa, koma siyitsimikiza kuti wogulitsayo adali ndi ufulu wogulitsa, kapena kuti pamalopo n'pololedwa kumanga. Wogula wanzeru amakumana ndi akubanja onse, makamaka amayi a pa mbumbapo, ndipo amapita ku ofesi ya za malo ya khonsolo asanatulutse ndalama. Tinene mosabisa kuti kandalama komwe amfumu ena amalandira pa puloti lililonse kamawapangitsa kukonda kugulitsa kuposa kuletsa. Alipo mafumu okana, ndipo amenewo amafunika anthu awo awaimire kumbuyo poyera, chifukwa mfumu yokana yokha imasanduka mdani wa onse ofuna ndalama zamsanga.

Sitolo yaikulu ngati za ku Lilongwe kapena ku Chipata ikadzabwera, kodi magolosale ndi msika sizidzafa?

Mantha amenewa adachokera ku maiko monga America, komwe masitolo akuluakulu omangidwa kunja kwa tauni adaphadi mashopu a pakati pa matauni ang'onoang'ono, chifukwa pafupifupi banja lililonse lili ndi galimoto ndi firiji, ndipo limagula za sabata yonse kamodzi. Kwathu kuno sizili choncho. Wogula wa pa Kamwendo amafuna mafuta oyeza, shuga wa pa supuni, mulu wa usipa, ndipo masiku ena amafuna ngongole mpaka adzagulitse mtedza. Sitolo yaikulu siyichita zimenezi, wapagolosale amachita chifukwa amadziwa mudzi womwe wogulayo akuchokera. Mbiri yathu ikusonyezanso kuti masitolo akuluakulu amabwera n'kupita. Padali Mandala ndi Kandodo. Padali masitolo a amwenye m'malo a malonda a kumidzi, mpaka boma la Kamuzu Banda lidawalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti asamukire m'mizinda ikuluikulu, ndipo mpata womwe adasiya udatsekedwa ndi Chipiku ndi PTC. PTC yomwe idafika pafupifupi m'boma lililonse idagwa mu 2022. Msika wa masamba, nsomba ndi kaunjika udakalipobe.

Funso loyenera kufunsa sitolo yaikulu ndi lakuti ikumangidwa pati, ndipo m'mashelefu mwake muli za ndani. Ikamangidwa moyandikana ndi msika, anthu obwera kwa iyo amagulanso tomato kwa amayi a pa benchi. Ikamangidwa patali pa munda wa munthu, imakoka mashopu ena kuitsatira, ndipo tauni imatalika. Pa nkhani ya katundu, pa Kamwendo pali chitsanzo chake chake: kopaletivu yoyenga mafuta ophikira a mpendadzuwa, yomwe idakula pansi pa ndondomeko ya OVOP. Alimi a mtedza a m'bungwe la MASFA, lomwe lili pansi pa bungwe la alimi la NASFAM, adafika mpaka pogulitsa mtedza wa ku Mchinji ku Britain. Dera lotere siliyenera kungokhala msika wa mafuta ndi chiponde chochokera kutali. Sitolo yogula kwa alimi ndi makopaletivu a m'deralo imasiya ndalama pamalopo, ndipo khonsolo ikamapereka chilolezo cha bizinesi ikhoza kufunsa zimenezi.

Kodi "moyo wa kumudzi" womwe mukuti tisunge ndi chiyani? Si umphawi womwewo?

Ngati tikunena nyumba yodontha, kutunga madzi pa chithaphwi ndi kubereka mwana panjira yopita ku chipatala, zimenezo zithe lero lomwe. Palibe amene ayenera kukhala mu mdima kuti wodutsa pa galimoto asangalale ndi maonekedwe a mudzi. Komanso malo a malonda sadakhalepo mudzi weniweni. Adayamba ndi msewu ndi alendo, ndipo akhala akusintha kuyambira kale. Zoyenera kusunga ndi zinthu zomwe zili ndi malo ake enieni pansi, zoti zikapita sizigulikanso. Manda ndi nkhalango yake, momwe m'midzi ya Achewa mumakhalanso dambwe. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma ulemuwo sumuthandiza ngati mitengo ya ku dambwe yatha ndi mauvuni a njerwa ndipo mpanda wa bala wafika m'mphepete mwa manda. Bwalo lomwe anthu amakambirana milandu ndi kuvinira. Msipu wa ng'ombe ndi mbuzi, ndi njira yopita nazo ku madzi. Njira zachidule zopita ku mjigo, ku sukulu ndi ku tchalitchi, zomwe wogula puloti amatseka tsiku limodzi osafunsa aliyense. Mitengo ya mango yomwe mwana aliyense amathyola osapempha. Bwalo la mpira. Zinthu izi zilibe mwini mmodzi woti aziteteze, choncho ndizo zimayamba kupita, ndipo ovutika kwambiri zikapita ndi osauka, chifukwa wolemera amakumba chitsime chake ndi kugula nkhuni. Palinso chinthu chosaoneka ndi maso: kudziwana. Pa mudzi wakuba amadziwika, wamasiye amadziwika, wodwala samwalira yekha m'nyumba. Zimenezi zimatheka ngakhale m'tauni, pokhapokha anthu akhale ndi malo okumanirana.

Kodi obwera ndiwo akuononga Kamwendo?

Ayi, ndipo maganizo amenewa ndi oopsa. Wobwera adagula chifukwa mwini mudzi adagulitsa. Ambiri mwa omanga ndi ana a m'boma lomweli: aphunzitsi, anamwino, alimi a fodya omwe zawayendera, ndi omwe akutumiza ndalama kuchokera ku South Africa. Amalonda ochokera m'maboma ena ndi m'maiko oyandikana nafe abweretsa mpamba ndi luso, ndipo alemba ntchito ana athu. Zoipa zomwe anthu amadandaula nazo, monga mabala osatseka usiku pafupi ndi nyumba za anthu, atsikana a sukulu kukopedwa ndi ndalama za apaulendo, ndi mapulasitiki odzaza m'ngalande, zimafuna malamulo ogwira ntchito pa aliyense mofanana, mwini mudzi ndi mlendo yemwe.

N'chifukwa chiyani akuluakulu a misewu amaletsa kumanga pafupi ndi tala, pomwe makasitomala ali pomwepo?

Lamulo la misewu limapatula mamita 60 pa msewu waukulu ngati M12 ndi M18, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Malo amenewa ndi osungira ngalande, mapaipi, mawaya, poimikira galimoto ndi kukulitsa msewu m'tsogolo. Womanga m'katimo sangayembekezere chipukutamisozi tsiku lomwe a Roads Authority adzafune malowo. Koma chachikulu ndi moyo. Galimoto yonyamula katundu wolemera siyiima pomwepo dalaivala akaponda buleki, ndipo pa mphambano pomwe mabenchi, kabaza, minibasi ndi ana zonse zili pa tala, kulakwitsa kamodzi kumatenga anthu ambiri.

Kodi boma lili ndi pulani iliyonse ya malo ngati Kamwendo?

Pa pepala ilipo. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika kukula kwa matauni pakati pa nsanamira zake zitatu, pamodzi ndi ulimi wa malonda ndi mafakitale. Koma matauni 8 omwe adasankhidwa kuti ayambe kutukulidwa ndi Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Mchinji mulibe, Kamwendo mulibe. Padalinso ntchito yotukula malo a malonda a kumidzi monga Jenda, Malomo ndi Chitekesa, komwe kudamangidwa misika ndi madepoti a basi. Chomwe chikukhudza Kamwendo mwachindunji ndi lamulo la mapulani a malo la 2016, lomwe lidati dziko lonse, kumudzi komwe, liziyendera mapulani, ndipo udindo waukulu uli pa khonsolo ya boma. Vuto ndi lakuti kalembera amawerenga malo ngati amenewa kuti ndi kumudzi, ndipo alibe khonsolo yawoyawo. Mu 2018 Amalawi 16 okha pa 100 aliwonse ndiwo adawerengedwa kuti ndi a m'tauni, pomwe malo a malonda ochuluka akukhala moyo wa m'tauni popanda woyang'anira wa m'tauni. Khonsolo imodzi iyenera kuyang'ana Kamwendo, Kapiri, Mkanda, Waliranji ndi boma lomwe, ndi akatswiri a mapulani owerengeka. Wotolera msonkho wa mu msika amafika tsiku lililonse. Ochita malonda ali ndi ufulu wofunsa kudzera kwa khansala wawo kuti mwa ndalama zotoledwa pa Kamwendo, ndi zingati zomwe zabwerera kudzamanga zimbudzi, ngalande ndi dzala la zinyalala.

Kodi mapulani si njira chabe yothamangitsira mavenda ndi osauka?

Mantha awa ali ndi maziko. Anthu akukumbukira Operation Dongosolo ya mu 2006, pamene boma la Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda, ndipo m'malo angapo m'dziko muno muli misika yomangidwa bwino yomwe ili pululu chifukwa idaikidwa kutali ndi pomwe anthu amatsikira galimoto. Venda sakhala pa msewu chifukwa chokonda fumbi, amatsata wogula. Pulani yojambulidwa mu ofesi popanda kufunsa mayi wogulitsa mbatatesi imalephera, ndipo ikalephera amatumizidwa apolisi. Koma kusowa pulani kumapwetekanso osauka omwewo, mwakachetechete. Popanda malo osungidwira msika, malo onse abwino a pa mphambano amagulidwa ndi a ndalama, ndipo wamng'ono amatsala pa tala pomwe lamulo limuthamangitsa. Pulani yokomera anthu wamba imayamba ndi kuika depoti ya minibasi ndi kabaza pakhomo pa msika kuti wotsika aliyense adutse m'kati, imasiya mapuloti ang'onoang'ono otsika mtengo pafupi ndi pakati, ndipo imalola munthu kumanga pang'onopang'ono monga momwe thumba lake likulolera. Komiti ya msika, makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, mipingo ndi mizikiti ziyenera kukhala pa tebulo kuyambira tsiku loyamba.

Kodi sitidachedwe kale?

M'mbali mwa tala zambiri zachitika kale, ndipo kugwetsa nyumba za anthu ndi ntchito yowawa ndi yodula. Kuseri kwa mzere woyamba wa nyumba mpata udakalipo, ndipo chofunika kumeneko sichidikira ndalama za mabungwe akunja. Mafumu a m'derali, makomiti a za malo, mlangizi wa zaulimi ndi wa mapulani wa ku khonsolo akhoza kuyenda pansi limodzi ndi eni minda, n'kugwirizana zinthu zochepa: misewu yolowa m'kati idzadutsa apa, yotakata moti galimoto ziwiri zipatukirane, apa ndi pa msika wa m'tsogolo, apa sukulu, apa bwalo, manda, dambwe ndi dambo zikuthera apa ndipo sizigulitsidwa, nyumba zikafika apa ziime kaye mpaka mipata ya m'kati itadzaza. Malirewo akhomedwe zikhomo za simenti kapena adzalidwe mitengo, alembedwe, ndipo kope lina likhale kwa gulupu, lina ku khonsolo. Banja lomwe munda wake wagwera pa msewu kapena pa msika lipatsidwe puloti lina labwino m'malo mwake, apo ayi lidzakhala loyamba kuzula zikhomozo. Amene akufunabe kugulitsa alimbikitsidwe kudula okha mapuloti motsata pulaniyo ndi kugulitsa limodzi limodzi, kapena kubwereketsa malo kwa zaka zowerengeka, m'malo mopereka munda wonse kwa dobadoba. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi chilimwe, minda ili poyera ndipo anthu ali ndi chakudya m'nyumba, chifukwa ikafika miyezi ya njala mabanja amagulitsa pa mtengo uliwonse womwe wogula watchula.